Kutulutsa version yatsopano ya virglrenderer: kuika tag, kupanga tarball ndi kumanga phukusi

Khodi ikhoza kukhala yabwino, mayeso onse atadutsa, koma zinthu n'kusokonekera tsiku lotulutsa. Tag (dzina la version loikidwa pa commit mu Git) ikuloza commit ina, tarball (fayilo imodzi yopanikizidwa yokhala ndi khodi yonse) yapangidwa kuchokera ku commit ina, ndipo m'kati mwa meson.build nambala idakali yakale. Womanga phukusi ku Debian kapena ku Fedora akatsitsa, checksum (nambala yotsimikizira kuti fayilo sinasinthe) sikugwirizana, kapena phukusi lamangika bwinobwino koma VM (kompyuta yongoyerekeza yoyenda m'kati mwa kompyuta yeniyeni) ikuonetsa sikirini yakuda. Malangizo awa akufuna chinthu chimodzi: tag, tarball ndi phukusi zikhale khodi imodzimodzi, ndipo munthu wina aliyense athe kutsimikizira zimenezo yekha.

Tigwiritsa ntchito virglrenderer, laibulale imene QEMU ndi crosvm, mapulogalamu oyendetsa ma VM, amadalira kuti VM ijambule zithunzi za 3D pogwiritsa ntchito GPU (chipangizo chojambula zithunzi) ya kompyuta yeniyeni. Khodi yake ili pa gitlab.freedesktop.org ndipo imamangidwa ndi Meson. Ambiri a ife tilibe chilolezo chokankhira ma tag kumeneko, choncho chitani zonsezi pa fork yanu (kope lanu la pulojekitiyi), kapena pa laibulale yanuyanu yomangidwa ndi Meson. Manambala 1.3.0 ndi 1.4.0 amene muwaone pansipa ndi achitsanzo chabe: 1.3.0 ikuimira version yapitayo, 1.4.0 ikuimira imene mukutulutsa.

## Zofunika kukhala nazo

- Kompyuta ya Linux yokhala ndi GPU imene OpenGL ikugwira ntchito, ndiponso KVM (mbali ya Linux yofulumizitsa ma VM) yoyatsidwa.
- Git, Meson, Ninja, pkg-config ndi gcc.
- Zimene virglrenderer imadalira, monga libepoxy, libdrm ndi libgbm. Pa Debian lamulo la `sudo apt build-dep virglrenderer` limabweretsa zonse pamodzi, bola mizere ya deb-src ikhale yotsegula.
- Kiyi wanu wa GPG wosainira mafayilo, amene nthawi yake sinathe.
- abidiff, chida choyerekezera malaibulale awiri omangidwa kale, chimene pa Debian chili m'phukusi la abigail-tools.
- QEMU yokhala ndi OpenGL, ndi disiki ya VM imene muli kale Linux yokhala ndi desktop.
- Zida za phukusi: devscripts, quilt, lintian ndi sbuild pa Debian, kapena rpmdevtools ndi mock pa Fedora.

Mukonzeretu disiki ya VM dzulo lake. Kuika Linux m'VM kumadya nthawi ndi data, ndipo anthu ambiri amadumpha mayeso a sitepe 5 chifukwa chakuti analibe VM yokonzeka.

## Gawo loyamba: musanaike tag

1. Yeretsani foda yogwirira ntchito.

```
git switch main
git pull --ff-only
git status
git tag -l --sort=-version:refname | head
```

`git status` ikuyenera kunena kuti palibe chosintha chimene chatsala. Lamulo lomalizalo likuonetsani mayina a ma tag akale. Yang'anitsitsani kalembedwe kake: kodi ndi `1.3.0`, `v1.3.0`, kapena `virglrenderer-1.3.0`? Tsatirani kalembedwe ka tag yomaliza.

Chenjezo: musasinthe kalembedwe ka dzina chifukwa choti kena kakukusangalatsani. Omanga maphukusi ali ndi tizida timene timafufuza tokha version yatsopano potsata kalembedwe ka dzinalo. Mukawonjezera chilembo chimodzi cha `v`, tizidato timangokhala phee, ndipo version yanu ikhoza kutha miyezi osaonedwa ndi aliyense.

2. Onani zimene zasintha kuyambira version yapitayo.

```
git log --oneline --no-merges 1.3.0..HEAD
git diff 1.3.0..HEAD -- src/virglrenderer.h meson.build meson_options.txt
```

Lamulo lachiwirilo ndi lofunika kuposa loyamba. Fayilo ya virglrenderer.h ndi khomo limene QEMU imalowera m'laibulaleyi, ndipo meson.build ndi meson_options.txt ndi zimene womanga phukusi amakumana nazo. Lembani pambali zinthu zitatu: function iliyonse yatsopana kapena yochotsedwa, laibulale yatsopano imene tsopano ikufunika pomanga, ndi option iliyonse imene yasintha dzina. Izi zinachitikapo pa Venus, mbali yoona za Vulkan, imene option yake poyamba inali `venus-experimental` kenako n'kukhala `venus`. Meson imakana option imene sikuidziwa, choncho womanga phukusi amene sanauzidwe amangoona ntchito yaima.

Muyang'anenso ma commit okonza mabowo a chitetezo. VM imatumiza malamulo ojambulira kwa virglrenderer, ndipo laibulaleyi imawagwira ili mbali ya kompyuta yeniyeni. Cholakwika cha memory pano chingapatse mwayi munthu wa m'VM kuwononga zinthu kunja kwa VM, monga momwe zinalili ndi CVE-2022-0135 (CVE ndi nambala yolembera bowo la chitetezo lodziwika). Zokonza zotere zizikhala pamwamba penipeni pa chilengezo chanu, ndi nambala ya CVE ngati ilipo, chifukwa a Debian ndi ena amafunika kuzitengera ku ma version akale amene akuwasamalirabe.

3. Yezani ABI (mgwirizano wa pakati pa laibulale ndi mapulogalamu omangidwa kale amene amaidalira), ndipo kenako sankhani manambala.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse. Pali manambala awiri osiyana, ndipo anthu amawasokoneza. Yoyamba ndi version ya pulojekiti, monga 1.4.0. Yachiwiri ndi nambala ya fayilo ya laibulale, imene chiyambi chake chimalowa mu SONAME, dzina limene QEMU imafunsa ikamayamba: `libvirglrenderer.so.1`. QEMU imene inamangidwa chaka chatha idzatenga fayilo iliyonse yokhala ndi dzina limenelo, ndipo imakhulupirira kuti ma function onse amene inawadziwa adakalipo ndipo sanasinthe.

Musadalire kukumbukira kwanu. Mangani version yakale pambali, muyerekeze:

```
git worktree add ../virgl-yakale 1.3.0
meson setup ../virgl-yakale/build ../virgl-yakale --buildtype=debugoptimized -Dtests=true
ninja -C ../virgl-yakale/build
meson setup build --buildtype=debugoptimized -Dtests=true
ninja -C build
abidiff ../virgl-yakale/build/src/libvirglrenderer.so.1 build/src/libvirglrenderer.so.1
```

Werengani zotsatira mofatsa. Zikhoza kutuluka m'njira zitatu. Ngati palibe chasintha, ndiye kuti mwangokonza za m'kati. Ngati pali ma function owonjezera okha, QEMU yakale ipitiriza kugwira ntchito. Koma ngati function yachotsedwa, kapena struct imene QEMU imagwiritsa ntchito yasintha kakonzedwe kake, ABI yathyoka.

Mu meson.build ya virglrenderer muli mizere itatu: `binary_age`, `interface_age` ndi `revision`, ndipo pamwamba pake pali mawu ofotokoza nthawi yosinthira uliwonse. Mwachidule, `revision` imakwera pa kutulutsa kulikonse, `interface_age` imakwera mukawonjezera zinthu popanda kuthyola zakale, ndipo `binary_age` imakwera pokhapokha ABI ikathyoka, pamenepo ziwiri zinazo zimabwerera pa 0.

Maganizo anga ndi akuti abidiff ikaonetsa kuthyoka, yambani mwafunsa ngati kuthyokako kuli kofunikadi. Kukweza `binary_age` kumatanthauza dzina latsopano la phukusi ku Debian, ndiponso kumanganso QEMU ndi china chilichonse chodalira laibulaleyi. Nthawi zambiri n'kwabwino kubwezera function yakaleyo ndi kuwonjezera yatsopano pambali pake. Chimene simuyenera kuchita n'komwe ndi kuthyola ABI n'kusiya SONAME ili chomwecho.

Chenjezo: mangani zonse ziwiri ndi ma option ofanana. Mukayatsa Venus ku imodzi yokha, kapena mukamanga imodzi popanda debug, abidiff ikuuzani zosiyana zimene si zenizeni, kapena ibisa zenizenizo.

4. Sinthani manambala ndipo chitani commit.

Sinthani `version:` pamwamba pa meson.build kukhala 1.4.0, ndi mizere itatu ija molingana ndi zimene mwapeza. Commit imeneyi ikhale ya zimenezi zokha.

```
git commit -am "Release 1.4.0"
meson dist -C build
```

Nambala ya pulojekiti si yokongoletsera. Imalowa m'fayilo ya virglrenderer.pc imene pkg-config imawerenga, komanso mu virgl-version.h, ndipo khodi ya QEMU imayang'ana nambala imeneyi pomangidwa kuti idziwe ngati ingayatse zinthu zina. Mukaika tag ya 1.4.0 pamene m'kati mukadali 1.3.0, mapulogalamu odalira laibulaleyi adzaiona ngati yakale.

Lamulo la `meson dist` pano ndi longoyesera. Limatenga commit yomaliza, n'kupanga tarball, kuimasula pamalo ena, kuimanga, kuyendetsa mayeso ndi kuyesa kuika mafayilo m'malo mwake. Likalephera, konzani vutolo tsopano, pamene tag isanabadwe.

Chenjezo: Meson ikadandaula kuti pali zosintha zimene simunachite commit, musaitseke pakamwa ndi `--allow-dirty`. Option imeneyo siilowetsa zosintha zanuzo mu tarball. Imangopitiriza popanda izo, ndipo mudzatulutsa khodi yosiyana ndi imene munayesa. Chimodzimodzinso `--no-tests`: isiyeni.

5. Yesani m'VM yeniyeni.

Mayeso a Meson sangakuuzeni ngati desktop ikuoneka. Ikani laibulale yatsopano pamalo apadera, osakhudza ya kompyuta yanu:

```
meson setup build-yesero --prefix=$HOME/virgl-yatsopano --libdir=lib
ninja -C build-yesero install
LD_LIBRARY_PATH=$HOME/virgl-yatsopano/lib qemu-system-x86_64 \
  -enable-kvm -m 4G -device virtio-vga-gl -display gtk,gl=on \
  -drive file=yesero.qcow2,if=virtio
```

VM ikayaka, tsegulani terminal ina pa kompyuta yeniyeni mutsimikize kuti QEMU yatengadi fayilo yanu:

```
grep virglrenderer /proc/$(pidof qemu-system-x86_64)/maps
```

Njira imene ikutuluka ikhale ya `virgl-yatsopano`. Ikatuluka ya `/usr/lib`, ndiye kuti mukuyesa laibulale yakale. `ldd` sikuthandizani apa, chifukwa ma distro ambiri amagawa QEMU m'tizigawo timene timatengedwa pulogalamu itayamba kale.

M'kati mwa VM lembani `glxinfo -B` muyang'ane mzere wa OpenGL renderer. Mukuyenera kuona mawu akuti virgl. Mukaona llvmpipe, dziwani kuti zithunzi zikujambulidwa ndi CPU ya VM ndipo laibulale yanu sinagwire ntchito ngakhale pang'ono, ngakhale desktop ikuoneka yokongola. Anthu ambiri amapusitsidwa pamenepa. Mukatsimikiza, tsegulani browser, seweretsani kanema, kulitsani ndi kuchepetsa windo la QEMU kangapo, ndipo yendetsani glmark2 mpaka kumapeto.

Ngati mukutulutsa ndi Venus, mufunika QEMU 9.2 kapena yoposerapo, imene inatuluka mu December 2024. Onjezani `-Dvenus=true` pomanga, gwiritsani ntchito `-device virtio-gpu-gl,hostmem=4G,blob=true,venus=true`, ndipo m'VM `vulkaninfo --summary` itchule Venus. Mukakhala ndi mwayi wa makompyuta awiri, ina ya Intel ina ya AMD, yesani ponse, chifukwa madalaivala a Mesa a ma GPU amenewa sachita zinthu mofanana nthawi zonse.

## Gawo lachiwiri: tag ndi tarball

6. Ikani tag yosainidwa.

```
git tag -s 1.4.0 -m "virglrenderer 1.4.0"
git tag -v 1.4.0
git describe
git show 1.4.0 --stat
```

Git ili ndi ma tag a mitundu iwiri. `git tag 1.4.0` yokha imapanga tag yopepuka, dzina chabe loloza commit, lopanda tsiku, wolemba kapena siginecha. `git describe` siiwerengera tag yotere pokhapokha mutaonjezera `--tags`, ndipo `git push --follow-tags` imaisiya. Ya `-s` imasunga zonsezo pamodzi ndi siginecha yanu.

`git describe` ikuyenera kuyankha `1.4.0` basi. Ikayankha ngati `1.4.0-1-g` ndi zilembo zina, ndiye kuti pali commit ina imene yabwera pambuyo pa tag.

Musakankhe kaye. Tag ikadali pa kompyuta yanu yokha, mukhoza kuifufuta ndi `git tag -d 1.4.0` n'kuyambiranso popanda wovutika.

7. Pangani tarball yeniyeni kuchokera ku tag.

Musatumize tarball ya sitepe 4 ija. Pangani ina kuchokera ku clone yatsopano:

```
git clone --branch 1.4.0 . /tmp/virgl-release
cd /tmp/virgl-release
meson setup build -Dtests=true
meson dist -C build
cd build/meson-dist
sha256sum -c virglrenderer-1.4.0.tar.xz.sha256sum
gpg --armor --detach-sign virglrenderer-1.4.0.tar.xz
gpg --verify virglrenderer-1.4.0.tar.xz.asc virglrenderer-1.4.0.tar.xz
```

Tsopano muli ndi mafayilo atatu: tarball, checksum yake, ndi siginecha yothera ndi `.asc`.

8. Yerekezani tarball ndi tag.

```
mkdir /tmp/a /tmp/b
tar -xf virglrenderer-1.4.0.tar.xz -C /tmp/a --strip-components=1
git -C /tmp/virgl-release archive 1.4.0 | tar -x -C /tmp/b
diff -r /tmp/a /tmp/b
```

Kusiyana kololedwa ndi kwa timafayilo ta Git monga `.gitignore`, timene Meson imachotsa. China chilichonse muchifufuze mpaka mudziwe kumene chachokera.

Sitepe iyi ndi yaifupi, koma musaione mopepuka. Mu March 2024 Andres Freund anatulukira khomo lachinsinsi mu xz, pulogalamu yopanikizira mafayilo, version 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo kachidutswa kamene kankaliyambitsa kanali mu tarball yotulutsidwa, pamene mu Git munalibe. Anthu ankawerenga khodi ya mu Git, ma distro ankamanga ya mu tarball. Kuyambira pamenepo omanga maphukusi ambiri amachita okha `diff` ngati imeneyi, ndipo n'kwabwino kuti inu mukhale woyamba kuona zimene iwo adzaone.

9. Kankhani ndi kulengeza.

```
git push origin main
git push origin 1.4.0
```

`git push` yokha siitumiza ma tag. Peŵaninso `git push --tags`, chifukwa imatumiza ma tag onse a pa kompyuta yanu, kuphatikizapo oyesera amene munaiwala kufufuta. Mu GitLab, pansi pa Settings ndi Repository, tetezani ma tag a version kuti wina asawafufute mwangozi.

Pangani Release pa tag imeneyo ndi kulumikizapo mafayilo atatu aja. GitLab ndi GitHub amapanganso okha ma tarball a tag iliyonse, koma amenewo amapangidwa ndi seva, ndipo siginecha yanu siikhudza iwo. Mu January 2023 checksum ya ma tarball otere pa GitHub inasintha mwadzidzidzi atasintha njira yopanikizira mafayilo, ndipo mapulojekiti ambiri analephera kumanga mpaka kusinthako kutabwezedwa. Khodi inali yomweyo, koma checksum ndiyo imene zida zomangira zimakhulupirira. Fayilo imene mwakweza nokha siisintha pokhapokha inu mutaisintha.

Chilengezo chikhale chachifupi. Yambani ndi zachitetezo, kenako zimene munalemba pa sitepe 2, kenako nenani poyera ngati SONAME yasintha kapena ayi. Tchulaninso fingerprint ya kiyi amene mwasainira.

## Gawo lachitatu: phukusi la Debian

10. Tengani phukusi lomwe lilipo, mulowetsemo khodi yatsopano.

Palibe chifukwa choyambira pachabe. Debian ili kale ndi foda ya `debian/` ya virglrenderer, imene imatulutsa libvirglrenderer1, libvirglrenderer-dev ndi virgl-server.

```
apt source virglrenderer
cd virglrenderer-*/
uupdate -v 1.4.0 ../virglrenderer-1.4.0.tar.xz
cd ../virglrenderer-1.4.0
QUILT_PATCHES=debian/patches quilt push -a
QUILT_PATCHES=debian/patches quilt pop -a
```

Tarball imene mugwiritse ntchito ikhale yotsitsidwa pa tsamba la Release, osati ya mu `/tmp`, ndipo muitsimikize ndi `gpg --verify`. Mwa njira imeneyi mukuyesanso ngati munakweza fayilo yoyenera. Ngati mu `debian/patches` muli patch imene ikukana kulowa, onani kaye ngati zimene inkakonza zalowa kale mu version yatsopano. Ngati zalowa, ichotseni mu fayilo ya `series`.

11. Lembani version ya phukusi moyenera.

Tsegulani `debian/changelog` ndi `dch -e`. Ngati phukusili ndi la kuntchito kwanu kapena loyesera, litchuleni motere: `1.4.0-1~kwathu1`. Chizindikiro cha `~` chimapangitsa version kukhala yotsika kuposa yopanda chizindikirocho, choncho tsiku limene Debian idzatulutse `1.4.0-1` yake, apt idzaitenga popanda vuto. Tsimikizani:

```
dpkg --compare-versions 1.4.0-1~kwathu1 lt 1.4.0-1 && echo inde
dpkg --compare-versions 1.4.0~rc1-1 lt 1.4.0-1 && echo inde
```

Chenjezo: tag yoyesera ya `1.4.0-rc1` ikalowa m'phukusi ndi dzina lomwelo, dpkg imaiona ngati yoposa 1.4.0 yeniyeni, ndipo amene anaiika sadzalandira yomalizayo. M'phukusi ilembeni `1.4.0~rc1`. Git siilola `~` m'dzina la tag, ndiye kusinthaku kumachitikira mbali ya phukusi.

Kuti `uscan`, pulogalamu ya Debian yofufuza ndi kutsitsa version yatsopano, izichita zimenezi yokha mtsogolo, `debian/watch` ikhale yonga iyi, mutaika adiresi ya kumene mumasunga ma tarball anu:

```
version=4
opts="pgpsigurlmangle=s/$/.asc/,uversionmangle=s/-rc/~rc/" \
  https://example.org/releases/ virglrenderer@ANY_VERSION@@ARCHIVE_EXT@
```

Mbali ya kiyi wanu yoonetsa anthu ipite mu `debian/upstream/signing-key.asc`.

12. Mangani pamalo oyera.

Onjezani mu `Build-Depends` ya `debian/control` laibulale iliyonse yatsopano, ndipo konzani ma option mu `debian/rules`. Kenako:

```
sbuild -d unstable
lintian -I ../virglrenderer_1.4.0-1~kwathu1_amd64.changes
```

`dpkg-buildpackage -us -uc` ndi yabwino poyesera mwachangu, koma imagwiritsa ntchito chilichonse chimene chili pa kompyuta yanu. Pa kompyuta ya munthu wolemba khodi pamakhala malaibulale ambirimbiri, ndiye phukusi limamangika kwa inu n'kukalephera kwa ena. sbuild imayamba ndi Debian yopanda kanthu n'kuikamo zokhazo zimene munalemba mu `Build-Depends`.

Pomanga, yang'anirani uthenga wa dpkg-gensymbols. Imayerekeza laibulale ndi fayilo ya `debian/libvirglrenderer1.symbols`, ndipo ngati fayiloyo palibe, ipangeni. Mizere yoyamba ndi `+` ndi ma function atsopano: alowetseni m'fayiloyo ndi nambala 1.4.0 yokha, popanda `-1~kwathu1`. Mizere ya `#MISSING` ikutanthauza kuti function yasowa. Musafufute mzerewo kuti ntchito ipitirire. Bwererani ku zimene abidiff inanena pa sitepe 3, chifukwa ngati function imeneyo inali yogwiritsidwa ntchito ndi mapulogalamu ena, vuto lili mu version imene mwatulutsa, osati m'phukusi.

13. Ikani phukusi ndi kuyesanso.

```
dpkg -c ../libvirglrenderer1_*.deb
sudo apt install ../libvirglrenderer1_*.deb ../libvirglrenderer-dev_*.deb
pkg-config --modversion virglrenderer
```

Nambala ituluke 1.4.0. Bwerezani mayeso a sitepe 5, ulendo uno popanda `LD_LIBRARY_PATH`, ndi QEMU ya distro imene simunaimangenso. Zimitsani VM kotheratu n'kuyambitsa QEMU mwatsopano. Kuchita reboot m'kati mwa VM sikokwanira, chifukwa QEMU imakhala idakali moyo ndi laibulale yakale m'memory.

## Kwa amene ali pa Fedora

Maganizo ake ndi omwewo. Mu fayilo ya spec sinthani `Version:` kukhala 1.4.0, bwezerani `Release:` pa 1, tsitsani tarball ndi `spectool -g`, pangani src.rpm ndi `rpmbuild -bs`, ndipo mangani ndi mock, imene imagwira ntchito yofanana ndi ya sbuild. RPM siilola `-` mu Version, ndipo `~` imagwira ntchito mofanana ndi ku Debian. `rpmdev-vercmp` ikuthandizani kuyerekeza manambala. Pansi pa `%files` lembani `libvirglrenderer.so.1*`, osati `.so.*`, kuti SONAME ikasintha mosayembekezeka kumanga kuime m'malo mongodutsa mwakachetechete.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kusuntha tag imene yatuluka kale. Ichi ndicho chachikulu. Mwakankha tag, patapita ola limodzi mwaona kuti munaiwala kusintha nambala, ndiye mtima ukukuuzani kuti muchite `git tag -f` ndi `git push --force` anthu asanaone. Musatero. Amene anachita kale `git fetch` amakhalabe ndi tag yakale, chifukwa Git siisintha yokha tag imene ilipo kale. Womanga phukusi wina walemba kale checksum. Zikatero pamakhala matumba awiri olembedwa dzina limodzi koma m'kati muli ufa wosiyana, ndipo munthu akabwera ndi dandaulo lakuti 1.4.0 ikugwetsa VM yake, simungadziwe kuti akunena iti. Konzani cholakwikacho, tulutsani 1.4.1, ndipo lembani pa Release ya 1.4.0 kuti anthu aidumphe.

Kusintha tarball n'kusiya dzina lomwelo. Vuto lake ndi lofanana ndi la pamwambapa, ndipo mankhwala ake ndi omwewo. Kwa womanga phukusi, checksum yosintha popanda chifukwa imaoneka ngati seva yanu yathyoledwa.

Kuika tag musanayendetse `meson dist`. Fayilo yatsopano imene munaiwala kuchita `git add` imakhala pa kompyuta yanu, choncho kwa inu zonse zimamangika. Koma imasowa mu tag ndi mu tarball.

Kusainira ndi kiyi amene palibe akumudziwa. Siginecha ilibe phindu ngati anthu alibe poitsimikizira. Ikani fingerprint pa tsamba la pulojekiti. Mukasintha kiyi, sainirani watsopano ndi wakale ndipo nenani zimenezi m'chilengezo, chifukwa `uscan` ya anzanu idzakana tarball yanu mpaka iwo ataika kiyi watsopanoyo.

Kuiwala nthambi ya version yakale. Ngati anthu akugwiritsabe ntchito 1.3, pangani nthambi kuchokera ku tag ya 1.3.0, tengerani kumeneko zokonza zachitetezo ndi `git cherry-pick -x`, ndipo tulutsani 1.3.1 potsata masitepe omwewa. Option ya `-x` imalemba mu uthenga wa commit kumene chokonzacho chachokera.

Kuimba mlandu phukusi pamene vuto lili kwina. Sikirini ikada pambuyo poika phukusi latsopano, yang'anani zinthu zitatu musanamasule chilichonse. M'VM, `dmesg | grep -i virgl` ionetse `+virgl`. Ikaonetsa `-virgl`, QEMU yayambitsidwa popanda chipangizo chothera ndi `-gl`. Pa kompyuta yeniyeni, `glxinfo -B` itchule GPU yanu, osati llvmpipe. Ndipo ngati VM ikuyendetsedwa ndi libvirt, pulogalamu yoyang'anira ma VM, onani ngati QEMU ili ndi chilolezo chotsegula `/dev/dri/renderD128`. Zonse zitatu zikakhala bwino, bwezerani phukusi lakale muyesenso. Vuto likatha ndi lakalelo, gwiritsani ntchito `git bisect` pakati pa ma tag a 1.3.0 ndi 1.4.0 kuti mupeze commit imene yalibweretsa.